Mwana akakuuzani kuti ndi Mkatolika komanso wa Wicca: zochita musanakuwe

Munali mu Julayi, chiperoni chitaphimba phiri lonse, pamene achemwali anga anandiimbira foni mamawa akulira. "Achimwene, bwerani mudzaone zimene zili m'chipinda mwa mwana wanu." Ndinakwera kabaza pa Chitakale ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Pa kathebulo kumutu kwa bedi ndinapeza makandulo awiri, kambale ka mchere, kapu ya madzi, timiyala tosalala ta mumtsinje wa Likhubula, kope lolemba pamanja, ndi mkanda wokhala ndi nyenyezi ya nsonga 5 mkati mwa mkombero. Pa msomali wa pakhoma pomwepo panali polendewera kolona imene ndinamugulira ine tsiku limene analandira Ukaristia woyamba.

Mwini chipinda ndi mtsikana wa zaka 24, amene anakhala zaka zitatu ku Cape Town akugwira ntchito m'nyumba. Atabwera kochapa sanabise kanthu. Anakhala pansi, manja pamiyendo, nati: "Amalume, ine ndine wa Wicca, koma Chikatolika sindinasiye. Ziwirizi zimayendera limodzi."

Ine si wansembe. Ndinapuma pa ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya tiyi, ndimasonkhana ku mphakati Lachinayi lililonse, ndipo pa mbumba ya mayi anga mwinimbumba ndine. Nkhaniyi inandigwera pamutu chifukwa cha udindo umenewo, ndipo yanditengera miyezi yambiri ndikufunsa ndi kuwerenga. Wicca ndi chipembedzo cha milungu ya chilengedwe ndi matsenga chochokera ku England, ndipo yankho pa zimene mwanayo ananena ndilinene pompano: ayi, munthu sangakhale Mkatolika ndi wa Wicca nthawi imodzi popanda kunamiza mbali imodzi. Koma mukayamba ndi yankho limeneli tsiku loyamba, mokuwa, anthu akumva kuseri kwa mpanda, mutha kutaya mwana, mwinanso moyo wake umene. Pali zoyamba kuchita.

Choyamba, liwu loti mfiti lisatuluke pakamwa panu

Achemwali anga anali atatenga kale chitenje kuti akaitane amayi a mphakati adzapemphere. Ndinawagwira mkono pakhomo. Ife a ku Mulanje sitifunika kuuzidwa zimene mphekesera imachita. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inabuka konkuno n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre, ndipo anthu anaphedwa ndi magulu olusa popanda amene anaona dontho la magazi opopedwawo. Tsono taganizani mudzi utamva kuti mtsikana wochokera ku Joni akuyatsa makandulo usiku mwezi ukawala. Mwana wa oyandikana nawo akangotentha thupi, aloza nyumba iti?

Vuto lake nlakuti a Wicca ambiri m'Chingerezi amadzitchula ndi liwu limene likalowa m'Chichewa limagwera pa mfiti, pomwe zinthu zake n'zosiyana kutalitali. Mfiti ya kwathu ndi imene timati imatamba usiku, kuuluka pa lichero, kudya maliro. Wa Wicca sanena kuti amachita zimenezo, ndipo sapembedza Satana. M'chikhulupiriro chawo Satanayo mulibe n'komwe. Choncho musamutche mfiti, musalembe pa gulu la WhatsApp la banja, musapite naye kwa aneneri oti akamutulutse ziwanda pagulu. Mwanayonso muuzeni mosapsatira kuti asadzitchule dzinalo pa Facebook kapena kwa anzake. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kuneneza munthu ufiti ndi mlandu, komanso kudzionetsa wekha ngati mfiti ndi mlandu. Ku Cape Town angathe kuvala nyenyezi yake poyera osaopa kanthu. Kuno mkandawo ukhale mkati mwa bulauzi kufikira nkhani itakambidwa.

Kenako khalani pansi mumve

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamuuza kuti andiphunzitse ngati mwana wa sitandade wani, ndipo sindinamudule mawu. Pambuyo pake ndinakafufuza pandekha kuti ndione ngati zimene ananena zikugwirizana ndi mbiri yake.

Wicca si chipembedzo chakale cha makolo a azungu monga ena amaganizira, ngakhale chinatola zambiri m'miyambo yakale. Amene anachitulutsa poyera ndi Mngelezi wotchedwa Gerald Gardner, amene anabadwa mu 1884 n'kumwalira mu 1964. Chinandigwira mtima ine wa ku tiyi n'chakuti ali mnyamata anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Ceylon, asanakakhale wa boma ku Malaya. Dziko la England litachotsa lamulo lake loletsa ufiti mu 1951, Gardner anasindikiza buku mu 1954 lofotokoza chipembedzochi, ndipo mayi wina, Doreen Valiente, anamuthandiza kulemba mapemphero ndi miyambo yambiri imene akugwiritsabe ntchito.

Ambiri mwa iwo amalemekeza milungu iwiri, Mulungu Wamkazi amene amamuphiphiritsa ndi mwezi, ndi mulungu wamwamuna wa nyanga, wa nkhalango ndi nyama zakutchire. Amasonkhana mwezi ukakhala wathunthu, ena m'timagulu ting'onoting'ono, ena payekhapayekha monga ankachitira mwana wathuyu. Asanayambe mwambo amalemba mkombero n'kuitana mbali zinayi za dziko pamodzi ndi mpweya, moto, madzi ndi nthaka. Mchere, madzi ndi makandulo aja tanthauzo lake linali limenelo, ndipo nsonga yachisanu ya nyenyezi imaimira mzimu. Ali ndi zikondwerero 8 pa chaka zotsata nyengo. Lamulo lawo lalikulu la makhalidwe limati chita chimene ukufuna bola usapweteke aliyense, ndipo ambiri amakhulupirira kuti chimene wachitira mnzako chimakubwerera katatu. Alibe papa, alibe episkopi, alibe buku limodzi lowamanga onse. N'chifukwa chake palibe amene anamuletsa mwanayu kusakaniza; ku Wicca kulibe pakhomo poti wina akubweze, ngakhale kuti a Wicca enanso amatsutsa zosakaniza ndi Chikhristu.

Pamene mukumvetsera, tcherani khutu pa chinthu chimodzi: akuphunzira kwa yani? Ngati pali munthu wa pa intaneti amene akumuuza kuti atumize ndalama pa foni kuti amulowetse m'gulu, kapena akufuna zithunzi za thupi lake, ameneyo ndi tambwali, ndipo nkhani yachoka pa chipembedzo yafika poteteza mwana. Ngatinso mwanayo sanakwane zaka 18, foni ndi anthu amene akucheza nawo zili m'manja mwanu makolo. Wathuyu anaphunzira kwa mayi wina amene ankagwira naye ntchito, amene anamusamala atadwala kuchilendo pomwe Akhristu anzake sanamuyendere. Mawu amenewo anandilasa, ndipo sindinawatsutse.

Pamene ziwirizi zimasemphana

Tsiku lachitatu m'pamene ndinayankha. Ndinamupempha kuti tinene limodzi Kumvera kwa Apostoli pang'onopang'ono, ndipo aime pamene mtima wake ukukana. Sitinapite patali. Timavomereza Mulungu mmodzi, Atate, wolenga kumwamba ndi dziko lapansi. Lamulo loyamba pa Eksodo 20 likuti tisakhale ndi milungu ina koma Iye yekha. Mwanayo anati, "Koma amalume, Mulungu Wamkazi uja ine ndimamuona ngati Amayi Maria." Apa m'pamene ambiri osakaniza amatsamira, ndipo mufunika kuyankha mofatsa koma momveka. Maria si mulungu. Ndi munthu wolengedwa ngati ife, mtsikana wa ku Nazarete amene anadzitcha yekha mdzakazi wa Ambuye. Mu Tikuoneni Maria sitimupembedza, timamupempha kuti atipempherere ife ochimwa. Ukamukweza kukhala mulungu wachiwiri, wasiya chikhulupiriro cha Katolika. Ukamutsitsa Mulungu Wamkazi wa Wicca kukhala mdzakazi wopempherera anthu kwa Yesu, wasiyanso cha Wicca. Ndinamuuza kuti mnzake wa ku Cape Town uja, ngati ali woona mtima pa chipembedzo chake, sangavomere kuti mulungu wake ndi wantchito wa Mulungu wa Akhristu.

Kusemphana kwachiwiri n'kumene kunanditengera nthawi kuti ndikumvetse, chifukwa kunja zimafanana kwambiri. Ifenso timayatsa makandulo. Ifenso tili ndi madzi odalitsa, lubani, mafuta, phulusa, kanjedza. Iye anandifunsa molunjika: "Kandulo yanga ikusiyana pati ndi ya pa guwa?" Ndinamupempha kuti andiwerengere mwambo umodzi wa m'kope lake. Unali wofuna ntchito. Kandulo yobiriwira, mawu obwereza katatu, maganizo onse pa chimene akufunacho, ndipo pomaliza mawu otanthauza kuti zichitike monga ndanenera. Ndinamuuza kuti anene Atate Athu. Atafika pa "kufuna kwanu kuchitidwe" anakhala chete.

Kusiyana kwagona pamenepo. M'matsenga a Wicca munthu amadzutsa mphamvu n'kuilunjika ndi kufuna kwake kuti chinthu chichitike. M'pemphero la Mkhristu munthu amapempha kwa Atate amene ali ndi ufulu woyankha inde, ayi kapena dikira. Madzi odalitsa alibe mphamvu mwa iwo okha yokakamiza Mulungu. Mkatolika amene amawagwiritsa ntchito ngati mankhwala otsirikira nayenso waphonya. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene anatuluka mu 1992 nthawi ya Papa John Paul II, amanena zimenezi pa ndime 2116 ndi 2117. Ya 2116 imakana kuombeza kwa mtundu uliwonse, kuphatikizapo kufunsa nyenyezi, kuwerenga zikhatho ndi kufunsira kwa akufa. Ya 2117 imati kuyesa kuweta mphamvu zobisika kuti zikutumikire n'kulakwira kwambiri kupembedza koona, ngakhale cholinga chitakhala chochiritsa munthu. Mawu omalizawa muwasunge, chifukwa mwana adzakuuzani kuti zake n'zabwino zokhazokha, sapweteka munthu. Mukhulupirireni kuti sapwetekadi munthu. Koma Mpingo sukufunsa za cholinga chokha ayi, ukufunsa kuti mphamvuyo ukuitenga kuti ndipo mwini wake ndani. Deuteronomo 18:10-12 ananena kale zomwezo.

Konzekani kuti akubwezerani funso

Mtsikanayu si wopusa. Anandiyang'ana nati: "Nanga kachithumwa kamene agogo anandimanga m'chiuno ndili khanda? Nanga mchaka chija kunabedwa chimanga, simunapite inu kukaombeza?"

Ndinapitadi. Chimanga changa cha munda wonse chinathyoledwa usiku umodzi, mtima unawawa, ndipo ndinayenda ulendo wautali kukafunsa kwa sing'anga kuti wakuba ndani. Ananditchulira munthu wa pachibale, ndipo zaka zinayi sitinalankhulane. Lamulungu lotsatira ndinapita kukalandira Ukaristia ngati palibe chachitika. Ndinadzalapa pambuyo pake, koma chibale chija sichinabwererenso mwakale. Ndinamuuza mwanayo zonsezi osachotsapo. Ngati inunso muli ndi nyanga yokwiriridwa pakhomo, mphini zokhwimira kapena chithumwa m'chikwama cha bizinesi, dziwani kuti ndime ya 2117 yomweyo imatchulanso kuvala zithumwa. Simungathe kuuza mwana kuti mapanga awiri avumbwitsa inu muli chiimire pakati pa mapanga anu awiri. Ana amaona. Vomerani, ndipo ngati n'kotheka mukonze zanu nthawi yomweyo pamene mukumupempha kuti akonze zake.

Musasokonezenso ndi mankhwala azitsamba. Masamba a bulugama ofukiza chimfine, chikasu, adyo, muzu umene agogo amaudziwa kuti umaletsa m'mimba, zimenezi Mpingo suletsa. Choletsedwa n'kuitana mizimu kapena mphamvu zina pa mankhwalawo, ndi kudyera anthu masuku pamutu. Chikhalidwe chathunso si mdani wa Mpingo. Amene anafikako ku Mua anaona m'mene malo a Kungoni, amene anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, amasungira miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo ng'oma timaimba m'tchalitchi Lamulungu lililonse. Kuvina tchopa pa Chonde sikukuchotsa m'Chikatolika. Koma chikhalidwe kulowa m'nyumba ya Mulungu mmodzi ndi nkhani ina, kubweretsamo mulungu wachiwiri ndi nkhani inanso.

Funsani chimene akufunafuna

Apa m'pamene nkhani yathu inatembenukira. Ndinamufunsa kuti ku Wicca anapezako chiyani chimene kwathu anachisowa. Anatchula zitatu. Anati kumeneko mkazi amatsogolera mwambo ndipo thupi la mkazi silionedwa ngati chodetsa. Anati kumeneko mitengo, mitsinje ndi mwezi n'zopatulika, pomwe kwathu Akhristu omwewo ndi amene amaliza mkungudza m'phiri ndi kuotcha makala mpaka m'mphepete mwa mitsinje. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu Malichi 2023 iye anali kutali, akuonera pa foni matope akukokolola midzi ya kwawo. Chachitatu anati kuchilendo anali yekhayekha, ndipo kuyatsa kandulo kunkamupatsa kanthu kochita ndi manja ake mantha akamugwira.

Palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene chili choipa. Msonkhano waukulu wa Vatican II mu 1965 unanena kuti Mpingo sukana chilichonse choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo zina. Ntchito yanu ndi kumuonetsa kuti njala yakeyo ili ndi chakudya m'nyumba momwe anabadwira, chimene mwina sitinamupakulire. Fransisko Woyera wa ku Assisi ankatcha dzuwa mbale wake, mwezi mlongo wake, nthaka mayi wotidyetsa, koma potamanda ankatamanda Mlengi wa zonsezo. Papa Francis mu 2015 analemba kalata yonse ya Laudato Si' yokhudza kusamala chilengedwe, ndipo chaka chilichonse kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 4 Okutobala Mpingo umapempherera chilengedwe. Za amayi, ndinamuuza za Hildegard wa ku Bingen, sisteri wa ku Germany amene anamwalira mu 1179, wolemba nyimbo komanso mabuku a zitsamba ndi matenda, amene Papa Benedict XVI anamulengeza kukhala Mphunzitsi wa Mpingo mu 2012. Sindinamunamize kuti funso lake la amayi ndi utsogoleri latha ndi dzina limodzi. Unsembe mu Mpingo wathu ndi wa amuna, ndipo zimenezo zimamupwetekabe. Ndinangoti tiyang'ane amene amanyamula mphakati, kuyendera odwala ndi kuphunzitsa ana za chikhulupiriro ku Tilitonse, tiwerenge kuti amuna alipo angati.

Ndinamuonetsanso kanthu kena pa kalendala yake. Zikondwerero 8 zija zinabadwira ku nyengo za ku Ulaya. Cha pa 31 Okutobala, chimene amati Samhain, n'chokumbukira akufa pamene dzinja lozizira likulowa kumeneko. Kuno tsiku limenelo dzuwa limakhala likuswa mtengo, anthu akumaliza kugalauza, maso ali kumwamba kudikira mvula. A Wicca a kumwera kwa dziko amachita kutembenuza kalendala kuti igwirizane. Pomwe ife pa 1 Novembala tili ndi Oyera Onse, pa 2 Novembala timapempherera akufa athu onse, ndipo mwezi umenewo timakayendera manda. Agogo ake amene amawalira akhoza kuwatchula dzina pa Misa.

Zinthu zake musaotche

Achemwali anga ankafuna kuti kope ndi mkanda zija tiziponye pamoto. Ndinakana. Pa Ntchito za Atumwi 19:19 anthu a ku Efeso anaotchadi mabuku awo a matsenga, koma anabwera nawo okha, ndi manja awo, atakhulupirira. Palibe malume amene anathyola chitseko. Mukaotcha mokakamiza, mawa agula kandulo ina pa golosale ndipo sadzakuuzaninso kanthu. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Mpingo womwewo mu 1965 unaphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe pa za chikhulupiriro, ndipo gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wa chipembedzo. Chimene mwini nyumba angathe kunena n'chakuti, m'nyumba mwanga muno mwambo umenewu usachitike. Achemwali ananena zimenezo, ndipo mwanayo analongedza zinthu zake m'sutikesi.

Nkhani ya Ukaristia ndi bambo mfumu

Iyi ndiyo yovuta kuinena, koma musailumphe. Ngati akuitanabe milungu ina ndi kuchita matsenga, asapite kutsogolo kukalandira. Kulandira Ukaristia n'kunena ndi thupi lako kuti ndili pamodzi ndi chikhulupiriro chimenechi, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 11:28 akuti munthu ayambe wadziyesa yekha. Muuzeni kuti si chilango chochokera kwa inu, ndi kupewa bodza pamaso pa Mulungu. Nthawi yomweyo amve kuti khomo la tchalitchi silinatsekedwe. Misa angathe kubwera Lamulungu lililonse. Ubatizo sufufutika ndipo subwerezedwa. Tsiku limene adzafune kubwerera, njira yake ndi sakramenti la kulapa, osati kubatizidwanso.

Kwa bambo mfumu pitani inu nokha poyamba, pakati pa sabata, osati pakhonde Misa itangotha anthu ali piringupiringu. Afotokozereni kuti Wicca n'chiyani monga mwamvera, chifukwa si wansembe aliyense wa kuno amene anakumanapo nazo, ndipo pemphani kuti nkhaniyo isafike ku khonsolo ya tchalitchi. Kenako mufunseni mwanayo ngati akulola kukaonana nawo. Akakana, dikirani. Wathuyu anakana kawiri, kachitatu anapita, ndipo zimene anakambirana sindinafunse.

Mwina adzasankha Wicca. Zikatero muuzeni kuti asankhe poyera mumtima mwake, asadzitche Mkatolika pamene Kumvera kwa Apostoli sangakunene mpaka kumapeto, ndipo inu mupitirize kumupempherera. Akadwala mukamudwazike, ukwati wake mukaimirire ngati ankhoswe, gawo lake la munda wa amayi ake likhale lake. Umalume suthera pa chipembedzo.

Wathuyu sanamalize kusankha. Lamulungu amakhala benchi yakumbuyo pafupi ndi mayi ake, amaimba nawo, nthawi yolandira amatsala. Mvula yapitayi tinabzala naye mitengo 40 m'mbali mwa khwawa la kumunda kwa amayi ake, ndipo ndi iye amene amaipalira. Amayi a mphakati anayamba kale kufunsa achemwali anga chifukwa chimene mwana salandirira. Funso limeneli lidzakupezani inunso, choncho gwirizanani yankho pabanja lisanafike. Ife timayankha kuti ali ndi nkhani yake ndi bambo mfumu, ndipo wofunsayo akawonjezera funso lina timamufunsa kuti feteleza akugulitsidwa ndalama zingati.